Pakhonde pa Azakhali: Kutchalitchi sindijomba koma mumtima mwauma

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 26 ndipo ndimagulitsa tomato pamsika wa Mbulumbuzi kuno ku Chiradzulu. Kumpingo kwathu ndimaimba kwaya, ndine msungichuma wa achinyamata, ndipo ovanaiti sindiphonya. Ndikapeza kangachepe ndimakwera minibasi kupita ku Limbe kwa mneneri wina, komwe ndagulako madzi ndi mafuta odzozera. Anthu amandiyamikira kuti ndine wolimbikira, koma mumtima mwanga mwauma. Ndikagwada ndekha mawu amandithera, mwinanso tulo n'kundiba. Kodi Mulungu wanditaya, kapena alipo wandichita chipongwe?

Ine Wothedwa Nzeru,
Mbulumbuzi

Wothedwa Nzeru mwana wa achimwene anga,

Palibe wakulodza. Mfiti yake ingakupeze nthawi yanji, poti pakhomo sukhalapo? Ndawerenga kalata yakoyi mpaka ine ndatopa m'malo mwako. Kwaya ndiwe, thumba la ndalama ndiwe, ku Limbe ndiwenso. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Kwanuko mumaweta ng'ombe zamkaka, ndiye undimva msanga. Ng'ombe yongokamidwa m'mawa ndi madzulo, osaiponyera nsenjere ngakhale madeya, imaphwa. Iwe mpingo ukukukama, nawenso ukudzikama, koma sukudya. Ntchito ya Mulungu ukuigwira ndithu, koma mwini ntchitoyo unacheza naye liti? Katsegule Luka 10 uone nkhani ya Marita ndi Mariya. Marita sanachite choipa, alendo amafunikadi nsima. Koma amene Ambuye anamuyamikira ndi uja anakhala pansi n'kutchera khutu. Iwe ndiwe Marita wa pa Mbulumbuzi, wovala yunifomu yakwaya.

Ndikukumbutse za kwanu komweko. John Chilembwe atabwera kuchokera ku Lynchburg ku America, anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, ndipo anthu anaumba njerwa n'kumanga tchalitchi chachikulu. Nkhondo ya Chilembweyo ya mu Januwale 1915 itatha, boma la atsamunda linachigwetsa ndipo mishoni inatsekedwa kufikira mu 1926 pomwe Dr Daniel Malikebu anadzaitsegulanso. Zaka 11 zonsezo panalibe belu, panalibe guwa, koma Malikebu anapeza anthu akadali ndi chikhulupiriro chawo. Ukuganiza kuti ankachisungira kuti? Akanakhala odalira ng'oma ndi zimkuzamawu, bwenzi atamwazika chaka choyamba chomwe. Iwe atakutsekera tchalitchi mwezi umodzi wokha, ungatsale ndi chiyani?

Tsono chita izi. Udzuke anthu asanayambe kusesa, foni uisiye pomwe yagona, chifukwa ndikukudziwani ana inu: mumati mukutsegula vesi, kenaka tikupezani pa WhatsApp mukufunsa mtengo wa tomato ku Lunzu. Utenge Baibulo lenileni, lija unalisandutsa mosungira chiphaso cha unzika ndi makadi a banki m'khonde. Kaya ndi Buku Lopatulika kaya Buku Loyera, uwerenge ndime yochepa, ya m'Masalimo kapena ya Marko, mobwereza. Mphindi 15 zakwana poyambira. Ukatero ulankhule ndi Mulungu monga wandilembera inemu, Chichewa cha kumsika chomwechi, osati mawu obwereka kwa alaliki a pa wailesi. Umuuze kuti watopa, umuuze za ngongole, umuuzenso za mnyamata uja sunamutchule m'kalatamu, poti ine sindinabadwe dzulo. Ukatha utseke pakamwa pang'ono. Kucheza n'kupatsana mpata.

Masiku oyamba udzaona ngati palibe chikuchitika. Usathamangire minibasi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yesu mwini, amene makamu ankamuunjirira, Marko 1 akutiuza kuti ankalawirira kusanache kukapemphera kwa yekha. Akatolika a ku Nguludi amadziwa za m'bindikiro, a mipingo ina amakwera phiri, koma phata lake ndi limodzi: kupatula nthawi yoti palibe wokuonera kapena wokuombera m'manja.

Za tulo usadandaule. Munthu wochezera usiku wonse n'kulawirira kukapikula tomato akagona pogwada, si Satana ameneyo, ndi thupi likuitanitsa ngongole yake. Ugone mokwanira. Za madzi a ku Limbe, ine sindilimbana ndi aneneri, koma ndalama imeneyo uwonjezere mpamba. Mulungu sagulitsa nthawi yake m'mabotolo.

Sindikuti usiye mpingo, iyayi, mapemphero a pamodzi ndi ofunika. Koma utulepo udindo umodzi. Ndipo ukaona kuti kuuma kwa mtimaku kwafika poti chakudya sichikulowa, tulo sitikubwera, moyo sukukomanso, usabise. Ukauze abusa kapena mayi wamkulu amene umamukhulupirira, ndiponso ukaonane ndi achipatala pa boma.

Akulu a mpingo akakufunsa chifukwa chomwe watulira thumba la achinyamata, uwauze kuti azakhali ako akana. Akafuna mlandu abwere kuno, mkeka ndayala kale.

Ndine,
Azakhali ako