Duwa lachilendo mu nazale, musafulumire kulizula

Amene mumagwira ntchito mu nazale ya maluwa kapena m'munda wochulukitsira mbewu mukulidziwa lamulo loti chomera chosafanana ndi zinzake chizulidwe, kuopa kuti mbewu ingasakanikirane. Lamuloli ndi labwino. Koma ngati chachilendocho ndi kaumbidwe ka duwa, dikirani kaye.

Duwa la dzungu kapena la therere ndi lozungulira, mbali zake zonse n'zofanana. La nyemba ndi la nandolo lili ndi kumwamba ndi kunsi, ndipo njuchi imatera pamalo amodzi. Mu 1996, gulu la Enrico Coen ku John Innes Centre, mumzinda wa Norwich ku England, linapeza jini yotchedwa CYCLOIDEA m'duwa la snapdragon. Jiniyi imagwira ntchito kumtunda kokha kwa duwa likadali kamphukira. Ikaleka kugwira ntchito pamodzi ndi inzake DICHOTOMA, duwalo limatuluka lozungulira. Gloxinia wa m'tchire ku Brazil amaweramira pansi; wozungulira woyang'ana kumwamba, yemwe amagulitsidwa m'miphika lero, anachokera ku kusintha kotere, chifukwa alimi ena anamusunga.

Tsono mukaona duwa lachilendo lotere, mangirirani kansalu patsinde. Lijambuleni pafoni, chakumaso ndi cham'mbali, pafupi ndi duwa labwinobwino. Lembani tsiku, mzere ndi kumene mbewuyo inachokera. Ngati ndi m'munda wa mbewu, livekeni kathumba kuti mungu wake usapite kwa zinzake. Akapitawo auzeni tsiku lomwelo. Chomeracho ndi cha eni nazale, musachitengere kunyumba ngakhale mutachisirira bwanji.

Chimene ndikuchondererani kwambiri n'chakuti musalonjeze makasitomala msanga. Mu 1744 Carl Linnaeus analemba za Linaria wa maluwa ozungulira wopezeka ku Sweden, n'kumutcha Peloria. Mu 1999 gulu lomwe lija la ku Norwich linapeza kuti jini yake sinawonongeke, inangotsekedwa, ndipo nthawi zina imatseguka, maluwa n'kubwerera mwakale. Charles Darwin naye atakwatitsa snapdragon wozungulira ndi wamba, ana onse anatuluka wamba. Ozungulira anaonekeranso mwa zidzukulu, 37 mwa zomera 127. Choncho bzalani nthambi padera, njere padera, ndipo njerezo muzitsatire mibadwo iwiri musanaike mtengo.