Kodi Kusala Kudya Kungakonze Thupi Langa?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, wa zaka 36. Ndimakhala ku Mua ndipo ndimagulitsa kaunjika pamsika wa Golomoti. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikudzimana chakudya kuti ndichepetse thupi: m'mawa madzi a ndimu, masana osadya, usiku kantanda kamodzi. Ndinatsikadi, koma thupi labwerera kuposa kale ngakhale ndikudyabe pang'ono. Ndimangofooka, tsitsi likuthothoka, msambo ukudumphadumpha. Mlamu wanga wa ku Johannesburg akuti thupi langa linawonongeka, ndipo lidzakonzeka ndikasiyiratu nsima, mpunga ndi mbatata n'kumasala kudya maola 18 patsiku. Nditero?

Wothedwa nzeru, Mua

Mwana wanga,

Usatero. Kalata yako yandikhudza, chifukwa zomwe watchulazi ndi zizindikiro za thupi lomwe lakhala ndi njala nthawi yaitali, ndipo mlamu wakoyo, ngakhale akukufunira zabwino, akukuwonjezera njala ina.

Thupi likamanidwa chakudya limayamba kuumira mphamvu, monga mayi amachepetsera ufa mumphika mu Febuluwale nkhokwe ikapepuka. Minofu nayo imatha, chonsecho minofu ndiyo imadya mphamvu kuposa mafuta. Ukangoyambanso kudya, thupi limasunga msanga. Mu 2016, wofufuza Kevin Hall ndi anzake ku America anafalitsa zomwe anapeza atayezanso anthu 14 omwe anachepetsa thupi mothamanga pa pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya The Biggest Loser. Patatha zaka 6, ambiri anali atanenepanso ndipo matupi awo ankagwiritsabe ntchito mphamvu yochepa kuposa yoyenera kukula kwa matupiwo. Choncho vuto lako ndi lenileni, si ulesi kapena dyera.

Za kusiya nsimazi, mu 2018 ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anafalitsa zomwe anapeza atatsatira anthu 609 kwa miyezi 12, ena atachepetsa zakudya zokhutitsa, ena atachepetsa mafuta. Magulu onse awiri anatsika pafupifupi mofanana. Nsima si mdani wako. Ndipo iwe umaima tsiku lonse padzuwa la ku Golomoti, kunyamula mabelo. Kukhala maola 18 m'mimba mulibe kanthu, tsiku lina udzagwa pamsika.

Idya katatu patsiku. Phika nsima ya mgaiwa, ntanda ukhale waung'ono, ndiwo zichuluke m'mbale: usipa kapena utaka wa ku nyanja kuno, nyemba, khobwe, dzira, nkhwani wotendera, chisoso. Chomwe ungasiye popanda chisoni ndi zakumwa zotsekemera, mandasi a tsiku ndi tsiku ndi shuga wambiri mu tiyi. Kulima, kuyenda ndi kunyamula katundu zimabweza minofu ngati ukudya mokwanira. Ugone tulo tokwanira. Sikelo uiiwale kaye kwa miyezi ingapo. Mwina udzakwera pang'ono poyamba, usachite mantha.

Koma msambo ndi tsitsizo zisadikire. Pita ku chipatala cha Mua Mission sabata ino, ukawafotokozere zonse monga wandifotokozera ine, osabisa za kudzimana chakudya. Upemphe akuyeze magazi, shuga ndi mimba, ufunsenso za chithokomiro. Ukabwerako, undilemberenso.

Azakhali ako