Phunziro 21: Alendo ocokera ku Jupiter

Tiwerenge

Ana inu, kukada yang'anani kumwamba. Nyenyezi zambiri zimaphethira, koma zina siziphethira. Imodzi mwa izo ndi Jupiter. Si Nthanda ai. Nthanda imaoneka m'mamawa kapena madzulo, koma Jupiter nthawi zina amawala usiku wonse.

Jupiter si nyenyezi yeniyeni. Ndi dziko lozungulira dzuwa, monga lathuli, ndipo ndi lalikulu kuposa anzake onse. Mutandanditsa maiko 11 onga lathu, ndiye mwapeza m'mimba mwake.

Jupiter ali ndi maginito amphamvu kwambiri. Maginitowo amagwira tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Dzina lake ndi maelekitironi. Ndi omwe aja amayenda m'waya wa wailesi tikaikamo mabatire. Amakodwa ngati nsomba m'mono. Koma ena amapulumuka, nathawa ndi liwiro loopsa.

Nanga amadzera kuti?

Dzuwa lili ndi mphepo yake. Si mphepo yosasula udzu padenga, ndipo sitiimva pathupi. Imayenda makilomita pafupifupi 400 pa sekondi imodzi. Mukangoti "go!", yapitirira kale mtunda wocokera kuno ku Cassacatiza kufika ku Tete. Mphepoyi imakoka mizere ya maginito a dzuwa. Popeza dzuwa limatembenuka, mizereyo ndi yokhota. Maelekitironi a Jupiter amatsata mizere imeneyi ngati njira ya kumunda.

Dziko lathu limadutsa njira imeneyi pakapita miyezi 13 iliyonse, monga mmene timadumphira mzere wa linthumbu. Pamenepo alendowa amaculuka pafupi nafe. Makina ouluka a Pioneer 10 anawapeza mu 1973, asanafike n'komwe ku Jupiter.

Musaope. Linthumbu limaluma, koma awa safika pansi pano. Mpweya ndi maginito a dziko lathu zimatiteteza. Amene amavutika ndi makina opita pafupi ndi Jupiter. N'cifukwa cake Juno, amene anafika kumeneko mu 2016, anam'bisira zipangizo zake m'bokosi lacitsulo.

Mafunso

1. Kodi Jupiter ndi nyenyezi?
2. Maelekitironi amatsata ciani?

Kunyumba

Amayi, abambo, agogo, tulutsani mphasa mukatha kudya nsima. Funani ndi mwana nyenyezi yosaphethira, ndipo mumuuze dzina limene makolo anu ankaipatsa. Mawa adzatiuze kusukulu. Koma dzuwa lokha asaliyang'ane, limaononga maso.