Kusankha Oweruza pa Mpikisano wa Mtsutso

Mphunzitsi wokonza mtsutso wa sukulu za m'mphepete mwa nyanja ku Salima asankhe mutu umene ana amaudziŵa, monga mwambo wa Mfumu Makanjira woletsa usodzi pachilumba cha Mbenji m'nyengo ya dzinja. Komatu pa mutu wotere, woweruza wochokera m'banja la asodzi angathe kukondera mosazindikira.

Tsono chitani motere. Lembani maina a oweruza asanu, osaikapo aphunzitsi a sukulu zopikisanazo. Gulu lililonse lifafanize mwamseri dzina limodzi, popanda kupereka chifukwa. Mwa otsalawo tengani atatu, kuti chigamulo chisagaŵikane pakati.

Ana akagonja pamaso pa oweruza amene anawavomereza okha, amafunsa pamene analakwitsa, m'malo modandaula kuti awabera.