Wailesi ya M'dera Ndi Mlonda wa Mudzi: Phunziro Lochokera ku Bua

Mawu oyamba

Mtsinje wa Bua umayambira m'boma la Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia. Umayenda mtunda wautali m'chigawo chapakati, n'kutsetsereka kudzera m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi, chakumpoto kwa tauni ya Nkhotakota. Kumunsi kwa mtsinjewu kuli sikimu ya mpunga, madoko a asodzi, midzi yochita malire ndi nkhalango, ndiponso mlatho wa msewu wa M5.

Moyo wa munthu wa ku Bua umadalira zinthu zambiri zochitikira kutali ndi maso ake. Mvula ikhoza kuvumba ku Mchinji ndi ku Kasungu kwawo kuli dzuwa, madzi n'kudzamupeza usiku ali m'tulo. Mtengo wa mpunga wake umapangidwa m'misika ya ku Lilongwe. Ndalama zokonzera sukulu ya ana ake zimagawidwa m'chipinda cha khonsolo chimene iye sanapondemo. Tsono amamuuza zonsezi ndani? Nanga iye akakhala ndi dandaulo, amakamufikitsira ndani kwa akuluakulu?

Phunziro la sabata ino likunena za anthu amene amagwira ntchito imeneyi, atolankhani ndi mawailesi a m'madera. Mfundo yake ndi imodzi: kutola nkhani kumalira ndalama, ndipo eni dera akapanda kuthandiza wailesi yawo, ena adzaithandiza n'kuisandutsa yawo. Nkhaniyi ikukhudzanso Akhristu a m'tauni, popeza ambiri abale awo ali kunyanja, ndipo mpunga ndi usipa zimene amagula pamsika zimachokera komweko.

Kumene dziko lachokera

Achinyamata ambiri sadziwa kuti kwa zaka pafupifupi 30 dziko la Malawi linali ndi wailesi imodzi yokha, ya MBC. Nyuzipepala zazikulu, Daily Times ndi Malawi News, zinali m'manja mwa olamula. Bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968, ndilo linkasankha zoti anthu awerenge ndi kumva. Kanema wa dziko lino anayamba mochedwa, mu 1999.

Chete ameneyu anasweka m'tchalitchi. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya Aepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse. Inanena za umphawi, malipiro ochepa, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, komanso kusowa kwa ufulu wolankhula. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka, kumene kalatayo inasindikizidwa, inayatsidwa moto, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Komabe mawu anali atatuluka kale. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri pa referendamu.

Zimene zinali m'kalatayo anthu ankazidziwa kale, aliyense mumtima mwake. Chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa poyera, munthu ali pa benchi limodzi ndi mnansi wake, onse n'kuzindikira kuti vutolo si la mmodzi. Imeneyi ndiyo mphamvu ya nkhani yofalitsidwa: dandaulo la m'nyumba limasanduka nkhani ya pabwalo.

Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 anateteza ufulu umenewu. Ndime 36 ikunena za ufulu wa atolankhani, ndipo ndime 37 ikupatsa munthu aliyense ufulu wodziwa zimene boma likusunga. Lamulo la mu 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA lopereka ziphaso zoulutsira mawu. Wailesi ya Dzimwe ku Monkey Bay inali m'gulu la mawailesi oyamba a m'madera, ndipo mu 2003 Nkhotakota Community Radio inayamba kuulutsa mawu mothandizidwa ndi UNESCO. Mpingo nawonso unatsegula zake, monga Radio Maria ku Mangochi mu 1999 ndi Radio Alinafe ya Arkidayosizi ya Lilongwe.

Ntchito ya wailesi ya m'dera

Ntchito yoyamba ndi kuchenjeza. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi anasefukira m'boma la Nkhotakota, makamaka cha ku Dwangwa. Mabanja ambiri anathawira m'misasa ndipo msewu wa M5 unaduka. Pa nthawi yotere wailesi ya mumzinda imangoti ku Nkhotakota kwasefukira madzi. Munthu wa m'mbali mwa Bua amafuna zoposa pamenepo: mudzi uti, mlatho uti, msasa uli pasukulu iti, ufa ukugawidwa liti. Wonena zimenezi ndi amene amadziwa mayina a midzi ndi manambala a mafumu. N'chimodzimodzinso msodzi: chenjezo la mphepo ya mwera lochokera ku nthambi yoona za nyengo limamuthandiza pokhapokha litamufika asanakankhire bwato m'madzi. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Ntchito yachiwiri ndi kufotokoza. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Dziko lonse lapansi linaona zithunzi za njovuzo. Mafunso a mayi wolima chinangwa m'mphepete mwa mpanda ndi ena: nyama ikalowa m'munda akauze ndani? Udzu wofolera ndi bowa angazipeze mwa njira yanji yololedwa? Palinso nkhani ya mpasa, nsomba imene imakwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira. Msodzi akangomva kuti kutchinga mtsinje ndi maukonde n'koletsedwa, amayesa nkhanza. Akamva m'chiyankhulo chake kuti mpasa wogwidwa asanaswe wapita ndi nsomba za chaka chamawa, amayamba kulingalira.

Ntchito yachitatu ndi kufunsa. Kuyambira pa lamulo la maboma aang'ono la mu 1998, mphamvu zambiri za chitukuko zinapita ku makhonsolo ndi ku makomiti a m'midzi. Palinso thumba la CDF, la chitukuko cha m'dera la phungu. Ndalamazi ndi za anthu, koma ndi angati amadziwa kuti zabwera zingati ndipo zagula chiyani? Lamulo lopatsa nzika mwayi wopempha ndi kulandira uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limaliyang'anira. Koma lamulo silidziwerenga lokha. Pamafunika wina woti alembe kalata, abwererenso kuofesi kachiwiri ndi kachitatu, kenako awerenge yankholo pa wailesi kuti amfumu, aphunzitsi ndi amayi a pamjigo amve limodzi.

Ntchito yachinayi ndi kupereka mpata wolankhula. Ku Nkhotakota Akhristu ndi Asilamu akhala limodzi kuyambira kalekale. Wailesi ya m'dera ndi bwalo limodzi la onsewa. Kudzera m'makalabu omvera wailesi ndi m'mapulogalamu oimbira foni, mlimi wa mpunga akhoza kufunsa mlangizi, kapenanso khansala, anthu onse akumva. Mtsogoleri amene walonjeza pa wailesi amadziwa kuti mboni zake ndi boma lonse.

Amalipira ndani?

Wailesi imafuna magetsi, ndipo akazima imafuna mafuta a jenereta. Imafuna zipangizo, mayunitsi, ndalama ya chiphaso ku MACRA, ndi ya njinga yamoto yopitira kumene kwachitika nkhani. Mu 2022 MACRA inalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mawu chifukwa cha ngongole za ziphasozo. Ngati mawailesi a m'mizinda amavutika chotere, nanji ya kumudzi kumene otsatsa malonda ndi owerengeka? Ambiri ogwira ntchito pa mawailesi a m'madera ndi achinyamata ongodzipereka.

Ndalama zikasowa, mipata iwiri imatseguka. Woyamba ndi wa mabungwe amene amagula nthawi ya pulogalamu. Zimenezi si zoipa, koma pulojekiti ikatha pulogalamu imathanso, ndipo mitu yake imasankhidwa ndi wolipira osati ndi mudzi. Wachiwiri ndi woopsa: chipondamthengo, kandalama kamene mtolankhani amapatsidwa ndi munthu yemwe akumulembayo. Mnyamata amene wakwera galimoto ya bwana, wadya nkhomaliro ya bwana, n'kulandiranso kenakake m'manja, zimamuvuta kufunsa chifukwa chake chipatala chaima pa mawindo chaka chachitatu. Kumunena n'kosavuta. Koma dera limene silinamugulirepo ngakhale lita imodzi ya mafuta lidzifunsenso lokha.

Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata chake cha mu 1963 chonena za njira zofalitsira mauthenga, unaphunzitsa kuti anthu ali ndi ufulu wodziwa zoona pa nkhani zowakhudza, ndiponso kuti Akhristu ali ndi udindo wochirikiza nyuzipepala ndi mawailesi abwino ndi luso lawo ndi chuma chawo. Ufulu ndi udindo zinaikidwa pamodzi.

Kusiyanitsa nkhani ndi mphekesera

Masiku ano aliyense wokhala ndi foni akhoza kufalitsa uthenga, ndipo ena amati atolankhani safunikanso. Zimene zinachitika mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zikutsutsa maganizo amenewa. Mphekesera ya anamapopa inayenda pakamwa ndi pa mafoni, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Kumene kulibe liwu lodalirika, mphekesera ndiyo imakhala mfumu.

Mlaliki Luka akupereka muyeso wabwino kumayambiriro kwa Uthenga wake, pa Luka 1:1-4. Iye sanali mboni yoona ndi maso. Anatsata zimene mbonizo zinanena, anafufuza zonse mosamala kuyambira pachiyambi, n'kuzilemba mwadongosolo kuti Teofilo akhale ndi chitsimikizo. Mtolankhani woyenera kuthandizidwa amadziwika motero. Amatchula kumene watenga nkhani. Amamva mbali zonse ziwiri. Amasiyanitsa zimene waona ndi zimene akuganiza, ndipo akalakwitsa amakonza poyera. Uthenga wa pa WhatsApp wopanda dzina, wopanda tsiku, wongoti tumizani kwa ena msanga, sukwanira pa muyeso umenewu. Lamulo lachisanu ndi chitatu limakhudzanso chala chimene chimadina foni.

Zimene Akhristu a m'tauni angachite

Choyamba, kugwiritsa ntchito wailesi ya kwawo n'kulipira. Uthenga wa maliro, wa chinkhoswe, wa ukwati kapena wa malonda ukaperekedwa ku wailesi ya m'dera, ndalama yake ndiyo imayendetsa jenereta.

Chachiwiri, magulu a anthu ochokera dera limodzi, amene amasonkha kale pa maliro ndi pa matenda, akhoza kusonkhanso kuti alipirire pulogalamu ya mwezi ndi mwezi yonena za ndalama za khonsolo kapena za ulimi wa mpunga. Achite zimenezi popanda kulamula zoti zinenedwe. Thandizo lochokera kwa anthu ambiri limamasula mtolankhani kuposa lochokera kwa munthu mmodzi wolemera, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, kupereka luso. M'parishi ya m'tauni muli anamwino, maloya, owerengera ndalama ndi alangizi a zaulimi. Mphindi khumi zoyankha mafunso pa foni zikhoza kuthandiza midzi yambiri. Wogwira ntchito m'boma amene mtolankhani wamufunsa zinthu zololedwa ndi lamulo ayankhe mwachilungamo, osamuzungulitsa.

Chachinayi, kugula nyuzipepala ndi magazini, kuphatikizapo za Mpingo monga Mkwaso ndi The Lamp za ku Balaka, ndipo zikawerengedwa zitumizidwe kumudzi m'malo mokulungira mandasi.

Chachisanu, kukana kupereka chipondamthengo, ngakhale pa zochitika za parishi. Mtolankhani akalemba zolakwika, njira yake ndi kudandaula kwa mkonzi, ndipo zikakanika, ku bungwe la Media Council of Malawi. Kumuopseza kapena kumutukwana ndi kubwezera dziko kumene linachoka.

Kuyambira mu 1967 Mpingo umakhala ndi tsiku lopempherera ndi kuthandiza ntchito yofalitsa mauthenga chaka chilichonse. Chopereka cha tsiku limenelo chisamaoneke ngati chongowonjezera. Mudzi umene sudyetsa mlonda wake usadabwe akakagwira ganyu kwina usiku umene madzi a Bua akubwera.

Mafunso okambirana m'Mphakati

1. Kodi a mu Mphakati uno amamva bwanji nkhani za kumudzi kwawo, ndipo amatsimikiza bwanji kuti ndi zoona?

2. Ndi angati akudziwa ntchito imene ndalama za CDF zagwira m'dera lino chaka chino? Angakafunse kuti?

3. Kodi wolandira uthenga wokayikitsa pa gulu la WhatsApp la banja kapena la parishi achite chiyani asanautumize kwa ena?

4. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene Mphakati ungachite mwezi uno pothandiza wailesi kapena nyuzipepala yotumikira anthu a kumudzi?