Mfuti yolondera munda: mangani miyendo yake molimba

Alimi anzanga, chimanga chikayamba kukhwima ndipo chinangwa chikaika, tulo timasowa m'midzi yambiri ya m'boma la Mangochi. Nguluwe zimafukula chinangwa usiku, anyani amathyola chimanga masana, ndipo m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe mvuu zimatha dimba lonse usiku umodzi. Alimi ena amene ali ndi mfuti za chilolezo amapita nazo kokalonda. Sabata ino tikambirane za chogonekapo mfuti poombera, chifukwa mfuti yogwedera siteteza munda. Imangovulaza nyama, ndipo nyama yovulala ndi imene imapweteka anthu.

Yambani ndi lamulo

Mfuti iliyonse iyenera kukhala ndi chiphaso cha ku polisi. Nyama za kutchire zimatetezedwa ndi lamulo la chaka cha 1992 limene linakonzedwanso mu 2017, ndipo tsopano wopha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu atha kukakhala kundende mpaka zaka 30. Motero mvuu, ng'ona ndi njovu si zolimbana nazo nokha. Kanenani kwa a nthambi yoona za nyama za kutchire, amene ali ndi alenje ophunzira ntchitoyi. Kumbukirani kuti vuto la njovu za ku Phirilongwe silinathe ndi mfuti za m'mudzi. Linatha mu 2009 pamene njovu 83 zinasamutsidwira ku Majete m'boma la Chikwawa. Ku Liwonde nako, chimene chachepetsa kutuluka kwa nyama ndi mpanda wa magetsi umene a African Parks anamanga atayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015.

Zimene tikambe pano ndi za nyama monga nguluwe. Ngakhale pamenepo, yambani mwafunsa kwa a nthambi yomweyo zimene mukuloledwa kuchita m'dera lanu. Paja safunsa anadya phula.

Kugwedera pang'ono nkuphonya kwakukulu

Tiyeni tiwerenge. Mfuti yotalika mita 1, kukamwa kwake kukasuntha mamilimita 2 okha, chipolopolo chimakagwa masentimita 10 kumbali pa mtunda wa mamita 50. Mamilimita 2 ndi ochepa zedi. Munthu amene wachezera usiku, wazizidwa ndipo mtima ukugunda, manja ake amanjenjemera koposa pamenepo. Chipolopolo chimene chimayenera kulowa kuseri kwa phewa chimakalowa m'mimba kapena m'ntchafu.

Nguluwe yolasidwa chotere imathawira m'bango kapena m'udzu wautali. M'mawa mwake mayi wopita kudimba kapena mwana woweta mbuzi ndiye amakumana nayo. Anthu ambiri kuno sadya nguluwe, motero cholinga si ndiwo ayi. Cholinga ndi kuteteza munda popanda kusiyira mudzi ngozi.

Miyendo ya chitsulo

Pali miyendo iwiri ya chitsulo imene amamangirira kunsi kwa thabwa la mfuti, kutsogolo. Pa Chingerezi amati bipod. Imapindika ikakhala kuti sikugwira ntchito. Iyenerana ndi mfuti ya chipolopolo chimodzi yoombera patali, osati gogodela kapena mfuti ya timipira tambiri yoombera mbalame.

Pogula, onani kutalika kwake. Yaifupi, ya masentimita 15 mpaka 23, ndi yoombera chogona pansi pamalo poyera. M'munda wa chinangwa kapena pa udzu wa m'dzinja simungaone kanthu mutagona. Sankhani imene imatalika mpaka masentimita 60 kapena kupitirirapo kuti muziombera mutakhala pansi.

Kamangidwe kake

Choyamba, chotsani zipolopolo zonse ndipo onani ndi maso anu kuti mfuti ilibe kanthu. Musadalire kukumbukira.

Chachiwiri, yang'anani kachitsulo kokolekapo lamba kamene kali kunsi kwa thabwa. Miyendo yambiri, monga ya mtundu wa Harris, imagwira pa kachitsulo kameneka. Kagwedezeni ndi zala. Ngati kakuzungulira, ndiye kuti vuto layambira pomwepo. Kachitsulo kongolowa m'thabwa ngati msomali wa mazinga kamazuka msanga, chifukwa kanapangidwira kunyamula lamba chabe. Kabwino ndi kamene kamabowola thabwa nkumangidwa ndi nati mkati. Ntchito yobowola ipatseni munthu wodziwa kukonza mfuti. Bawuti ikatalika nkumakhudza mpope wa mfuti, zipolopolo zimabalalika.

Chachitatu, kolekani zibwano za miyendoyo m'kabowo ka kachitsulo kaja mbali zonse ziwiri. Kenaka mangani bawuti yake pang'onopang'ono mpaka chotsamira chake chitagona bwino pa thabwa. Miyendo ikapindika iloze kutsogolo, kukamwa kwa mfuti. Musamange ndi mphamvu zonse kuopa kung'amba thabwa.

Chachinayi, musamangirire miyendo pa mpope weniweniwo, kaya ndi waya kaya ndi mphira. Mpope umanjenjemera chipolopolo chikamatuluka, ndipo chilichonse choukanikiza chimasintha kumene chipolopolo chikagwere. Mfuti zambiri za masiku ano zili ndi mpata pakati pa mpope ndi thabwa. Ngati yanu ndi yotere, imikani mfuti pa miyendo yake nkupititsa pepala pa mpatapo. Pepala likakanirira, ndiye kuti thabwa likupindika nkumakhudza mpope.

Yesani musanapite kumunda

Pezani malo a kutali ndi nyumba, njira ndi ziweto, amene kumbuyo kwake kuli chulu chachikulu. Musaloze mfuti kunyanja kapena kumtsinje. Chipolopolo chimadumpha pamadzi ngati mwala wosalala, ndipo kumeneko kuli asodzi. Dziwitsani a mfumu ndi anansi tsiku loyesera.

Ikani chandamale cha katoni pa mamita 50 ndipo ombani katatu mutakhala momwe mudzakhalire kumunda. Mabowo atatuwo akwane pa chikhatho. Mukatha, gwiraninso bawuti ija, chifukwa kugunda kwa mfuti kumaimasula. Mabowo akabalalika, musafulumire kunena mfuti. Chaka china mlimi wina wa kufupi ndi Malombe anandionetsa mfuti imene ankati yakalamba ndipo anali pafupi kuigulitsa. Titaiona, thabwa linali litafumbwa pozungulira kachitsulo ka lamba, miyendo nkumavina. Atakonzetsa pamenepo, mfuti yomweyo inayamba kulunjika bwinobwino.

Nyengo ya kuno nayo ili ndi mbali yake. Thabwa limatupa nthawi ya mvula ndipo limafota ndi dzuwa la mu Okutobala, motero bawuti imene munamanga m'dzinja mudzaipeza yolobodoka m'chilimwe. Ionani nthawi iliyonse musananyamuke. Pa mchenga wa m'mbali mwa nyanja miyendo imatitimira, choncho yalanipo thumba lopinda kapena kathabwa.

Opanda ndalama asadandaule

Miyendo ya chitsulo ndi yodula ndipo siipezeka wamba. Makolo athu ankagoneka mfuti pa mtengo wa mphanda, ndipo nzeru imeneyo ikadali yabwino. Dulani nsungwi ziwiri zouma, zowongoka, zotalika mita 1 ndi zonenepa ngati chala chachikulu. Zimangeni pamodzi ndi mphira ya chubu cha njinga, masentimita 12 kuchokera kumwamba. Songolani kunsi kuti zizilowa m'nthaka. Mukazitambasula zimapanga mphanda. Kulungani kansalu pa mphandapo, ndipo gonekanipo thabwa la mfuti, osati mpope. Mukafuna kutsitsa mfuti, tambasulani kwambiri, mukafuna kukweza, bwezani miyendo pafupi. Nsungwizi nazonso ziyeseni pa chandamale.

Pomaliza

Miyendo yolimba siiona m'malo mwa maso anu. Musaombere chinthu chifukwa chakuti mwamva kuswaya m'chimanga. Alonda anzanu, ana othamangitsa mbuzi ndi asodzi ochokera kunyanja amadutsa m'minda momwemo. Ngati simukuiona bwino nyama yonse ndi zimene zili kumbuyo kwake, isiyeni ipite. Kuona maso a nkhono nkudekha. Zikachitika kuti mwavulaza nyama nkuthawa, musabise. Chenjezani mudzi m'mawa womwewo ndipo kanenani kwa a nthambi yoona za nyama za kutchire.

Mfuti ikhale chinthu chomaliza. Kulonda mosinthana ndi anzanu, kukumba ngalande kuzungulira dimba, kusonkha moto, kuimba zitini ndi kukolola pa nthawi yake zimapulumutsa mbewu zambiri kuposa chipolopolo. Koma tsiku limene mwanyamula mfuti, yambani mwagwedeza miyendo yake ndi dzanja musanatuluke pakhomo.