KACHIROMBO KOYAMBITSA ZILONDA ZA M'MIMBA

Anthu ambiri amene amavutika ndi zilonda za m'mimba amakhulupirira kuti matendawa amadza chifukwa cha tsabola, maganizo kapena kukhalitsa ndi njala. Motero munthu amasala zakudya zamitundumitundu, nakhala zaka zambiri akumwa mkaka ndi soda, koma osachira. Madokotala nawonso kale ankaganiza chimodzimodzi. Lero tikudziwa kuti gwero la zilonda zambiri ndi kachirombo ka mtundu wa bakiteriya kotchedwa Helicobacter pylori, ndipo mankhwala ake alipo.

M'chaka cha 1979 dokotala wina wa mumzinda wa Perth ku Australia, dzina lake Robin Warren, anaona tizirombo topiringizika m'timinofu totapidwa m'zifu za odwala. Anzake sanamkhulupirire, pakuti asidi wa m'chifu ndi waukali kotero kuti onse ankati palibe chamoyo chingakhalemo. Mu 1982 iye pamodzi ndi dokotala wachinyamata, Barry Marshall, anatha kuweta tiziromboti. Poona kuti anthu akukayikabe, mu 1984 Marshall anamwa dala madzi odzaza ndi tiziromboti. Patapita masiku owerengeka anayamba kusanza, ndipo atampima anapeza kuti chifu chake chatupa. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005.

Kodi kachiromboka kamapulumuka bwanji ku asidi?

M'kati mwa chifu muli zinthu zonanda zimene zimakuta khungu lake kuti asidi asaliotche. Kachiromboka kali ndi timichira, ndipo kamasambira nkukabisala m'zonandazo. Kamatulutsanso mankhwala ofooketsa asidi pamalo pamene kakhala. M'menemo kangathe kukhala moyo wonse wa munthu, kakutupitsa chifu pang'onopang'ono. Chitetezo chija chikafooka, asidi amayamba kudya mnofu, ndipo chilonda chimabadwa m'chifu kapena poyambira matumbo aang'ono.

Anthu oposa 4 mwa 10 alionse padziko lapansi ali nako kachiromboka, ndipo muno mu Africa ndi kofala koposa. Ambiri amakatenga akadali ana, kudzera m'malovu, masanzi, kapena madzi ndi chakudya zokhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Nchifukwa chake kamafala msanga m'nyumba zothithikana ndi kumene madzi abwino ndi osowa. Amayi apewe kutafunira mwana chakudya, ndipo banja lonse lizisamba m'manja ndi sopo mothirirana, osati m'mbale imodzi. Komabe tisachite mantha: ambiri okhala nako sadwala konse. Amene amadwala zilonda ndi munthu mmodzi kapena awiri mwa 10, ndipo ochepa kwambiri ndiwo amadzadwala khansa ya m'chifu. Mu 1994 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse inaika kachiromboka m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa.

Wodwala amamva kuotcha kapena kupweteka pansi pa chifuwa, makamaka usiku kapena akakhala ndi njala. Ena amamva nseru, kutupidwa ndi kugeyageya. Kuchipatala angapime chimbudzi, mpweya kapena magazi, ndipo m'zipatala zazikulu amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera kukamwa.

Soda, mkaka ndi mankhwala oziziritsa m'mimba amangogonetsa ululu, kachirombo kamatsalabe. Mankhwala enieni ndi ophatikiza: amodzi ochepetsa asidi, monga omeprazole, pamodzi ndi mitundu iwiri kapena kuposerapo yopha tizirombo, monga amoxicillin, clarithromycin kapena metronidazole, kwa masiku 10 mpaka 14. Apa ndi pamene ambiri amalakwira. Ululu umaleka m'masiku oyamba omwe, mankhwala ena amawawitsa m'kamwa, ndipo wodwala amasiyira panjira. Tizirombo totsala timazolowera mankhwalawo, kotero kuti ulendo wachiwiri kuchira kumavuta. Malizani onse monga momwe adokotala akuuzirani. Musamwe mowa pamene mukumwa metronidazole, ndipo lekani fodya chifukwa amachedwetsa kupola kwa chilonda.

Dziwaninso kuti mankhwala opha ululu monga aspirin, ibuprofen ndi indomethacin, amene ambiri amangogula okha, nawonso amayambitsa zilonda. Wodwala m'mimba asamwe amenewa popanda kufunsa achipatala.

Munthu akasanza magazi, akachita chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena akamva ululu woopsa mwadzidzidzi mimba nkuuma gwa, mtengereni kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mwina chilonda chikukha magazi kapena chaboola chifu. Amene akuwonda popanda chifukwa, kapena akulephera kumeza chakudya, nayenso akapimitse msanga.